Mitsempha yotupa m'miyendo ikundisowetsa tulo, ndithandizeni nzeru

Make Tadala, Zingwangwa:
Amayi ndi abambo pagulu pano, mwaswera bwanji. Mitsempha ya mwendo wanga wamanzere yatupa, yachita kupotana kuyambira kuseri kwa bondo mpaka pa katumba. Inayamba ndili ndi pakati pa mwana wachitatu, koma nthawi imeneyo sinkapweteka. Pano ndikaweruka ku saluni mwendo umakhala wolemera, ukuotcha m'kati, pa kakolo patatupa moti nsapato yomwe ndinavala bwinobwino m'mawa imandithina. Usiku katumba amakokana mpaka ndimadzuka. Ntchito yanga ndi yoluka tsitsi, ndiye ndimaima kuyambira m'mawa mpaka mdima. Kusiya sindingathe, ana amadyera pomwepo. Amene munadutsamo, munkatani pakhomo kuti ululu uchepe?

Nachisale:
Pepani asisi. Ine ndimathowa ndi madzi otentha othira mchere madzulo alionse, kenako ndimapaka adyo wosinja wosakaniza ndi mafuta. Ndimamvako bwino ndithu.

Malume a ku Mponela:
Amenewo ndi magazi oipa aunjikana, mwanangu. Kwathu kuno amatema mphini pamwamba pa mtsemphawo, magazi akuda aja n'kutuluka, n'kupakapo mankhwala. Mayi anga anachita zimenezo ndipo analima mpaka ukalamba wawo.

Namwino wa ku Leeds:
Malume, ndikupereka ulemu wonse, koma mphini pa mtsempha wotupa ayi, chonde. Ntchito yanga kuno ndi yoyenda m'makomo kutsuka ndi kumanga zilonda za m'miyendo, ndipo zambiri mwa zilondazo zimayambira pa mitsempha yomweyi.

Magazi ali mmenemowo si oipa. Ndi magazi amene akubwerera ku mtima atasiya mpweya wabwino m'thupi, n'chifukwa chake amaoneka akuda. Tonsefe magazi athu obwerera ndi otero. Chimene chaonongeka ndi njira yake. M'kati mwa mitsempha ya m'miyendo muli tizitseko ting'onoting'ono timene timatseguka magazi akamakwera, n'kutsekeka kuti asatsikenso. Wowakankha ndi katumba: mukaponda pansi, mnofu uja umafinya mitsempha, magazi n'kukwera. Mukudziwa mjigo, labala wa pansi pa paipi akatha madzi sakhalanso m'paipimo, amabwerera pansi. Ndi zimenezo. Tizitseko tija tikafooka magazi amatsika n'kudikha m'munsi, mtsempha n'kufutukuka mpaka kupotana.

Munthu akaima chilili osasuntha, mphamvu ya magazi m'mitsempha ya pa kakolo imafika cha m'ma 80 kapena 90 mmHg (muyeso womwe uja amayezera BP). Akayamba kuyenda, ngati tizitseko tili bwino, imatsika kufika cha m'ma 30 kapena kucheperapo. Kwa Make Tadala tizitseko tina tafooka, ndiye sitsika mokwanira. Tsono mukaikapo lumo pamalo pamene magazi akukankha chonchi, khungu lakenso ndi lopyapyala, amatuluka mochita kuthovoka. Anthu amafa nazo zimenezi.

Mai Busa:
Anamwino akunena zoona. Azakhali anga anangodzikanda ndi chitsotso cha chimanga kumunda, pamtsempha penipeni. Magazi anadzaza chitenje chonse. Anthu anawakhazika pampando mwendo uli pansi, akuthirapo dothi. Anakafika kuchipatala atakomoka, anawaika magazi. Mulungu yekha anawapulumutsa.

Namwino wa ku Leeds:
Mai Busa zikomo. Aliyense asunge ichi: mtsempha ukaphulika, munthuyo agone pansi chagada, mwendo muukweze m'mwamba kuposa pachifuwa, mukanikize pabalapo mwamphamvu ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 mpaka 15 osasuzumira. Kukweza mwendo kokhako kumachepetsa magazi kwambiri. Osathira dothi kapena phulusa, osamanga chingwe pantchafu. Akasiya kutuluka, mangani nsaluyo bwino mupite nayebe kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa pamaphulikanso.

Malume a ku Mponela:
Ndamva. Koma musamanyoze zonse za makolo. Zipatala zisanabwere anthu ankakhala bwanji?

Aphunzitsi a ku Dedza:
Palibe akunyoza, malume. Makolo omwewo ndi amene ankati munthu akachokera kumunda atambalale pamphasa, miyendo itsamire pamtondo. Imeneyo ndiye nzeru yomwe yandisunga ine.

Make Tadala, ndaphunzitsa pulayimale zaka zambiri, kuima pabolodi tsiku lonse, ndipo miyendo yonse iwiri ili ndi mitsempha yotere. Mayi anga analinso nayo, achemwali anga ali nayo, imayenda m'mtundu. Chimene chimandithandiza kwambiri sichilira ndalama. Ndikafika kunyumba ndimagona chagada pamphasa, matako pafupi ndi khoma, miyendo n'kuimika kukhomako kwa mphindi 15 kapena 20. Mumachita kumva kulemera kuja kukutsika. Chofunika n'chakuti mapazi akhale pamwamba kuposa mtima. Kukhala pampando n'kuika mapazi pa kasitulu kumathandizako pang'ono chabe, chifukwa mapazi amakhala akadali m'munsi. Ndimachita pa buleki, pa nthawi ya nkhomaliro, madzulo, ndi ndisanagone. Bedi langa ndinaliikira njerwa ku miyendo ya kumapazi kuti likwereko pang'ono. Zimaposa mapilo, chifukwa mapilo amathawa usiku.

M'kalasi sindiimanso malo amodzi. Ndimayendayenda pakati pa ana, ndipo ndikamalemba pabolodi ndimanyanyamphira, kukweza zidendene n'kutsitsa, ka 15 kapena ka 20. Ana anazolowera. Inuyo poluka mungathe kuchita zomwezo, kasitomala sangadziwe n'komwe. Komanso pezani situlu yaitali, mizere ina muziluka mutakhala, ina mutaima.

Make Tadala, Zingwangwa:
Aphunzitsi zikomo kwambiri. Kuseri kwa saluni kuli kachipinda kosungira katundu, ndikhoza kuyalamo mphasa. Nanga zothowa ndi madzi otentha zija ndichite?

Namwino wa ku Leeds:
Zimene anena aphunzitsi ndi zomwe timalangiza kuno, sindichotsapo kanthu. Ndingoonjezera kuyenda ndawala mphindi 30 patsiku. Mwina mudzati ndatopa kale ndi kuima, koma kuima ndi kuyenda n'zosiyana: poima katumba wangokhala, poyenda akupopa. Nsapato zazitali zidendene zimalepheretsa katumba kupopa bwino, valani zafulati kuntchito.

Zothowa ndi madzi otentha ndingakuletseni. Kutentha kumafutukula mitsempha, magazi n'kudikha ochuluka. N'chifukwa chake mu Okutobala ndi Novembala miyendo imavuta kwambiri kuposa mu Juni. Madzi ozizira a mumtsuko ndiwo abwino: thirani kuyambira kuphazi kukwera mpaka pabondo, kapena nyowetsani thaulo mukulunge katumba miyendo ili m'mwamba.

Nachisale:
Koma ine ndikathowa ndimamva bwino, bodza ayi. Mukufuna kunena kuti ndikunama?

Namwino wa ku Leeds:
Ayi asisi, simukunama. Madzi ofunda amamasula minofu yotopa, komanso pothowa mumakhala pansi n'kupuma, ndiye mpumulowo ndi weniweni. Koma taonani pa kakolo mukangotha kuthowa, muyerekeze ndi tsiku lomwe mwathira madzi ozizira miyendo ili kukhoma. Muone nokha. Chimene ndikukupemphani kuti musiye lero ndi adyo. Adyo wosaphika akakhalitsa pakhungu amaotcha mpaka matuza. Khungu la pafupi ndi kakolo mwa munthu wa mitsempha yotupa silichedwa kubooka ndipo limachedwa kupola. Thuza limodzi likhoza kusanduka chilonda cha miyezi. Adyoyo ikani mu ndiwo. Pakhungu pakani Vaseline kapena mafuta ena opanda fungo kuti lisaume n'kumayabwa, mosisita pang'onopang'ono kuchokera kuphazi kukwera m'mwamba, osakanikiza pa mtsempha weniweniwo.

Nabanda wa ku Area 25:
Nanga viniga wa maapozi? Pa Facebook akuti ukamapaka m'mawa ndi madzulo mitsempha imalowa pakatha mwezi. Ena akugulitsa tiyi wa chammwamba, akuti amatsuka mitsempha.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Zoti imalowa musakhulupirire, amayi. Yanga ndakhala nayo zaka zonsezi, sinalowepo ndi chopaka chilichonse. Chimene chinasintha ndi ululu ndi kutupa. Ndimagona tulo tsopano, basi. Ogulitsa amajambula mwendo munthu ataima, kenako n'kujambulanso atagona mwendo uli m'mwamba. Mtsempha uliwonse umaphwa mwendo ukakwezedwa. Zimandiwawa kuona azimayi a geni akutaya mpamba wawo pa mabotolo amenewa.

Namwino wa ku Leeds:
Eya. Palibe chopaka kapena chakumwa chimene chimakonza tizitseko tikaonongeka. Viniga amaotchanso khungu losachedwa kubooka lija. Chammwamba ndi ndiwo zabwino, idyani, koma sichitsuka mtsempha.

Pali chomera chimodzi chimene akatswiri anachiyesa mokwanirako. Ndi mtengo wa kuno ku Ulaya wotchedwa horse chestnut. Bungwe la Cochrane, lomwe limasanthula kafukufuku wa zaumoyo, mu 2012 linaunika mayeso 17 a mankhwala opangidwa kuchokera ku njere zake, n'kupeza kuti amachepetsako ululu, kutupa ndi kuyabwa kwa miyendo, pa kanthawi kochepa kamene anayesera. Koma ndi makapisozi okonzedwa ku fakitale, atachotsamo poizoni. Njere zake zosakonza ndi poizoni. Oyembekezera, oyamwitsa, odwala impso kapena chiwindi, ndi omwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin asamwe asanafunse dokotala. Palinso mapiritsi otchedwa Daflon, opangidwa kuchokera ku zinthu zopezeka m'zipatso za mtundu wa malalanje, amene madokotala ena amalemba. Onsewa amangochepetsa zowawa, mtsempha umakhalapobe.

Mai Busa:
Pa zakudya palibe chothandiza?

Aphunzitsi a ku Dedza:
Chilipo, koma si chozizwitsa. Ine ndinachepetsa mchere, kutupa kwa mapazi kunachepako. A WHO amati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, yomwe ndi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wa mu ndiwo womwe. Ife timathira pophika, tikakhala pa mbale n'kuwazanso. Chinanso pewani kudzimbidwa, chifukwa kudzikakamiza kuchimbudzi kumakankhira magazi m'munsi. Nsima ya mgaiwa, nyemba, nandolo, bonongwe, nkhwani, mapapaya, magwafa, ndi madzi akumwa okwanira. Thupi likakula kwambiri miyendo imasenzanso katundu, ndiye kuchepetsako kumathandiza.

Mayi wa geni ya ku Joni:
Ine ndifunse za masokosi othina aja. Ndinagula pa kaunjika, ndikavala amapindikira pansi pa bondo n'kundidula. Ndiwasiye?

Namwino wa ku Leeds:
Amenewo asiyeni. Masokosi akapindikira n'kumanga malo amodzi amatsekera magazi m'munsi, zomwe tikuthawazo. Chimodzimodzi amene amamanga mphira kapena kansalu pansi pa bondo kuti ululu uleke.

Masokosi enieni a chipatala ndiwo chinthu champhamvu kuposa zonse zapakhomo kwa munthu woima tsiku lonse. Anawaluka mwakuti amathina kwambiri pa kakolo, n'kumamasuka pang'onopang'ono pokwera, ndiye amakankhira magazi m'mwamba. Ali m'magulu. Pa muyeso wa kuno ku Britain, gulu loyamba ndi 14 mpaka 17 mmHg, lachiwiri 18 mpaka 24, lachitatu 25 mpaka 35. Maiko ena manambala amasiyanako, ndiye werengani mmHg pa paketi. Musagule mongoyerekeza. Yezani ndi tepi ya atelala m'mawa mwendo usanatupe: pa kakolo pamene pali powonda kwambiri, pa katumba pamene pali ponenepa kwambiri, ndi kutalika kuchokera pansi mpaka kumunsi kwa bondo. Ambiri ofika m'bondo amawakwanira. Valani m'mawa musanatsike pabedi, vulani pogona. Chapani ndi manja, yanikani pamthunzi. Mphamvu yake imatha pakadutsa miyezi 3 mpaka 6, n'chifukwa chake a pa kaunjika nthawi zambiri amakhala atatha kale ntchito.

Koma si aliyense woyenera kuvala. Ngati muli ndi shuga, mumasuta fodya, mapazi amazizira kapena kuchita dzanzi, kapena katumba amapweteka mukamayenda n'kusiya mukaima, mwina mitsempha yobweretsa magazi kuphazi ndi yothina kale. Kufinya mwendo wotero kukhoza kuwononga phazi. Akuyezeni kaye kuchipatala.

Mlonda wa ku Kanengo:
Ndimaona ngati ndi matenda a azimayi okha, koma inenso yatuluka mwendo wakumanja. Ndimaima pageti usiku wonse.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Achimwene, amuna nawonso imawagwira, kungoti amabisa m'buluku. Muzizungulira mpanda kawirikawiri m'malo moima pageti pokha, ndipo mukaweruka miyendo kukhoma musanagone.

Nangozo:
Ine ndili ndi pakati pa miyezi 7, woyamba. Mitsempha yatuluka m'miyendo, ina mpaka kumaliseche. Ndikuchita mantha, apongozi akuti ndidzavutika pochira.

Mzamba wopuma wa ku Zomba:
Usaope mwana wanga, ndaona ambiri otero ndipo anachira bwinobwino. Munthu akakhala ndi pakati magazi amachuluka m'thupi, pafupifupi ndi theka la amene anali nawo. Mahomoni amafewetsa mitsempha, chiberekero nacho chikamakula chimatsamira pa mtsempha waukulu wobweza magazi ku mtima, umene uli chakumanja kwa msana. Ndiye uzigonera kumanzere, pilo pakati pa mawondo. Uziyenda, usaime nthawi yaitali pa mtondo kapena pochapa, ukweze miyendo masana. Kwa ambiri mitsemphayi imaphwa yokha m'miyezi ingapo mwana akabadwa, makamaka ya kumaliseche. Imakonda kutsalira pa mimba zotsatira, monga zinachitikira Make Tadala.

Ukapita ku sikelo uwaonetse anamwino, usachite manyazi, alembe m'buku mwako. Zitsamba zakumwa ndi makapisozi anenedwa pamwambawa usayerekeze. Ndipo umvetse ichi: ukaona nkhope ndi manja zatupa, mutu ukuwawa kwambiri, m'maso mukuchita mdima kapena tinyenyezi, imeneyo si mitsempha, ndi BP ya pakati. Thamanga kuchipatala ngakhale usiku.

Nangozo:
Zikomo amayi, mtima wakhala pansi. Sikelo ndi Lachinayi, ndikawauza.

Mayi wa geni ya ku Joni:
Anamwino ndibwerenso. Pa basi yochokera ku Blantyre kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge timakhala tsiku ndi usiku, katundu ali m'miyendo. Ndikafika ku Johannesburg mapazi sakwana mu nsapato. Mnzanga wina anatsika mwendo umodzi utatupa, tinamusisita ndi mafuta, mawa lake anayamba kubanika. Anagonekedwa m'chipatala, akuti magazi anaundana.

Namwino wa ku Leeds:
Mnzanuyo anapulumuka pa ngozi yaikulu. Kupatula mitsempha imene timaiona pakhunguyi, m'kati mwa minofu muli ina ikuluikulu. Magazi akaundana mmenemo, chibulumacho chikhoza kuthothoka n'kukatseka m'mapapo. Mu 2007 a WHO analengeza kuti kukhala paulendo maola 4 kapena kuposerapo osasuntha kumachulukitsa chiopsezochi pafupifupi kawiri, kaya ndi pa ndege, basi kapena galimoto. Ndiye basi ikaima paliponse tsikani muyende. Muli pampando muzipinda ndi kutambasula mapazi, katundu asakupanikizeni miyendo, ndipo imwani madzi. Ndikudziwa ambiri amadzimana madzi poopa chimbudzi cha panjira, koma zimenezo zimaonjezera vuto. Masokosi oyeza bwino aja ndi pamene amagwira ntchito.

Zizindikiro zake n'zosiyana ndi kutopa kwa masiku onse. Mwendo umodzi wokha watupa mwadzidzidzi, katumba akupweteka, akutentha, mwina khungu lasintha mtundu, ndipo kukweza mwendo sikukuthandiza. Pamenepo osasisita, osathowa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kukabwera kubanika, kupweteka pachifuwa kapena kutsokomola magazi, ndi nkhani ya ola lomwelo. Mtsempha wa pakhungu ukauma ngati chingwe, n'kumatentha ndi kupweteka ukakhudzidwa, akauonenso. Ndipo amene munaundanapo magazi, nenani ku kulera musanalandire mapiritsi, chifukwa ena mwa iwo sayenera kwa inu.

Nabanda wa ku Area 25:
Nanga kuchipatala amachita chiyani? Ndinamva kuti amachotsa mtsempha. Magaziwo azidzayenda pati?

Namwino wa ku Leeds:
Magazi ochuluka, pafupifupi magawo 9 mwa 10, amabwerera kudzera m'mitsempha ya m'kati ija. Wotupawo unasiya kale kuthandiza, umangobweza magazi pansi, ndiye ukatsekedwa mwendo umapepukidwa. Amayamba ajambula ndi makina a ultrasound kuti aone pamene pakudontha komanso ngati ya m'kati ili bwino. Kuno malangizo a 2013 a NICE, bungwe lolangiza zipatala za kuno, amati poyamba ayese kuutseka ndi kutentha kwa laser kapena radiofrequency, zikakanika abayemo mankhwala a thovu ouumitsa, zikakanikanso ndiye opaleshoni yousolola. Kwathu yambirani pa chipatala chaching'ono kapena cha boma lanu. Akaona kuti pakufunika madokotala a opaleshoni amakutumizani ku zipatala zazikulu, Queens ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Dziwaninso kuti ngakhale atachita opaleshoni, mitsempha ina ikhoza kudzatupa m'tsogolo, ndiye kuyenda ndi kukweza miyendo sikusiyidwa.

Malume a ku Mponela:
Za mphini ndazisiya, mlongo wanga ndimuuza asapite. Koma alovera ndipakabe, amandiziziritsa.

Namwino wa ku Leeds:
Pakhungu losabooka pakani malume, bola asakuyabweni. Pachilonda ayi.

Mwana wa ku Ntcheu:
Pepani ndalowerera mochedwa. Mayi anga kumudzi ali ndi mitsempha imeneyi kuyambira kale. Pano khungu la pamwamba pa kakolo chakum'kati lada, lauma gwa, ndipo pali chilonda chosapola kuyambira nthawi yokolola. Chimatuluka madzi. Amathirapo ufa wa m'makapisozi n'kumanga ndi masamba. Anthu ayamba kunena kuti anaponda mankhwala pamalire a munda, ndiye iwo akukana kuchipatala.

Mzamba wopuma wa ku Zomba:
Achimwene, apa zapakhomo zatha mphamvu. Pitani nokha mukawatenge, musatume mwana. Musakalimbane nawo za kuponda mankhwala, mungowauza kuti tiyeni akachione chilondachi, zinazo tikambirana tikabwera. Anthu akuluakulu amamvera mwana wawo akabwera yekha n'kukhala nawo pansi.

Namwino wa ku Leeds:
Malo mwatchulawo, pamwamba pa kakolo chakum'kati, ndi pamene zilonda za mitsempha zimakonda. Khungu limada chifukwa magazi odikha aja amadutsa m'timitsempha n'kusiya utoto wake pakhungu. Chilonda cha pamwendo chikapitirira masabata 2 osapola chimafunika achipatala. Zilonda zimenezi zimapola, ndimaziona zikupola, koma chimene chimapoletsa si ufa wothira pamwamba. Ndi bandeji yofinya yomangidwa ndi munthu wodziwa, kuyambira kumunsi kwa zala mpaka pansi pa bondo, atayeza kaye kuti magazi akufika bwino kuphazi, pamodzi ndi kukweza mwendo. Zimatenga miyezi, ndiye awuzeni asataye mtima msanga.

Pakadali pano asiye makapisozi ndi masamba. Atsuke ndi madzi owiritsa atazizira, aphimbe ndi nsalu yoyera yochapa ndi kusita, ndipo masana azikweza mwendowo. Kuchipatala mupemphe awayeze shuga ndi BP, ndipo aonenso ngati si matenda ena, chifukwa zigamba zakuda ndi kutupa kwa miyendo zimabweranso ndi khansa ya pakhungu ya Kaposi, imene kwathu si yachilendo. Thupi likatentha, kufiira kukamafalikira, kapena chilonda chikayamba kununkha, musadikire tsiku la msika kuti mupeze galimoto.

Mwana wa ku Ntcheu:
Ndanyamuka Loweruka m'mawa. Ndikatenge chiyani popita nawo?

Namwino wa ku Leeds:
Buku lawo la kuchipatala, mankhwala onse amene akumwa kuphatikizapo makapisozi akuthirawo kuti adokotala awaone, ndi nsapato yomasuka kapena patapata, chifukwa akamangidwa bandeji nsapato yawo ya masiku onse sikwana. Mujambule chilondacho pa foni mutaika rula ya mwana wasukulu pambali pake, ndipo muzijambula sabata iliyonse kuti muziona ngati chikuchepa.